Benchi la Kutsogolo ndi Mano a Tisa

"Amake Tisa, mwana wanu mumudyesa chani masiku yano? Mbeba zosapya?"

Anafunsa choncho ndi bana Bupe, ndiye kuti amake Bupe m'chiyankhulo cha kwawo, a khomo loyang'anana ndi lathu, tili pa pompi masana, ine nditawerama kutsuka chigubu. Dzanja limodzi anali atagwira m'chiuno, linalo atakweza mkono wa mwana wawo Bupe m'mwamba ngati nkhuku ya malonda. Pamkonopo panali mano. Osati awiri kapena atatu ayi, mzere wapamwamba ndi wapansi, osasowa ndi limodzi lomwe. Mwini manowo anali Tisa, mkulu wanu yemweyu, amene lero amakuthamangitsani mukangokhudza mabuku ake.

Zimene ndinayankha ndikuuzani tikafika pamenepo. Sindikuthamangira, chifukwa mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Dalitso ndi Taonga, nkhaniyi ndi yanu. Dzulo munabwera kuchokera kusukulu nyenyezi zomata zili pamphumi, mukuyenda monyang'wa ngati mwagula komboni yonse ya Kanyama, ndipo ine m'malo molulutira ndinafunsa kuti, "Nanga bamene sibanalandile ni bandani?" Munakwiya. Taonga anati, "Amami bali na jelasi." Iwe Dalitso unati, "Bayamba va ambuya, manje bazakamba ati masiku yathu." Chabwino. Zaka makumi atatu ndangozidutsa kumene, imvi ndilibe, koma uambuya mwandipatsawo ndaulandira. Ndikulemba m'kope lako la masamu, Dalitso, popeza masamba oyera unasiyamo ambiri, kuti ana anu akadzabwera ndi nyenyezi zawo mudzawawerengere.

Masiku athu, eya, ndayamba. Ine sukulu ndinaphunzira ku Chawama. Mpando unkanyamula wekha kuchokera kunyumba: njerwa, kapena chitini cha mafuta ophikira ngati kwanu kunali kolemera. Belu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo wochimenya ankadzimva ngati mwini sukulu. Pa buleki tinkadya chinangwa chootcha ndi nshawa, mtedza uja, zochita kuwerenga, kapena madzi ofiira oundana a m'kapulasitiki, oti umayamwa mpaka utoto utathera palilime, n'kutsala kamwala koyera kopanda kukoma, koma osakataya. Inu a masiku ano mumalirira soseji.

Nyenyezi kunalibe. Kunali Amalume. Amalume chinali chidutswa cha payipi yothirira maluwa, chobiriwira, chotalika ngati mkono wangawu, cha aphunzitsi athu a Njovu. Akamatuluka kukasuta fodya ankasiyira monita pepala kuti alembe ochita phokoso, ndipo monita ankalemba amene anamumana chinangwa. Pobwerako a Njovu ankawerenga mayinawo modekha ngati a ubatizo. "Bwera, mwana wanga, udzapatse moni amalume ako." Kwapu! Kwapu! "Wathokoza?" Iwe n'kunena zikomo. Inde, ana inu, tinkathokoza payipi.

Musaganize kuti ndikuyamikira. Amalume sanandiphunzitse masamu ogawa, mpaka lero ndimagawa ndi zala. Anandiphunzitsa chimodzi chokha, ndipo chinandilowa mpaka m'mafupa: ukakhala chete sakuona, akapanda kukuona sakumenya. Ndinatuluka giredi seveni ndi chimenecho basi. Lero kutchalitchi amati amake Tisa ndi mayi wofatsa, woleza mtima, atsikana tengerani chitsanzo. Sadziwa kuti akuyamikira ntchito ya payipi.

Nditakwatiwa ndi atate anu tinabwera kuno ku Kanyama, kumene mvula ikagwa madzi sadziwa kolowera, pansi pali mwala wokhawokha, ndipo achule amalowa m'nyumba osaodira. Kuno ndi kumene ndinapeza bana Bupe. Iwo ndi Abemba, ife ndife a kum'mawa, ndiye mukudziwa chimbuya chathu: iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, amene kwawo amawatcha bakolwe, ndipo wokwiya ndiye wopusa. M'mawa uliwonse moni wawo unali wakuti, "Mwauka, bakapolo banga? Mbeba zagona bwanji mumimba?" Ine ndinkati, "Zagona bwino. Nanga michila ya bakolwe mwaibisa kuti?" Tikatero tsiku layamba. Tsiku limene iwe Dalitso unkabadwa, madzi ali m'mawondo, galimoto yofika kuno palibe, ndi bana Bupe amene anandikweza pa wilibala n'kundikankha mpaka kumsewu, akunditukwana njira yonse kuti ndalemera ndi mbewa. Sungani zimenezo, tizifuna kutsogoloku.

Sukulu ya Tisa ndi yanu yomweyo, zipinda zinayi kuseli kwa tchalitchi, zomangidwa ndi makolo. Inu mwaipeza itakonzedwa. Nthawi imeneyo mu giredi folo simenti inali itathera pakati. Kutsogolo, kufupi ndi bodi, kunali kouma, ndipo ndi kumene kunkakhala mabenchi atatu a kalasi yonse, chifukwa padothi miyendo yake inkatitimira. Kumbuyo kunali dothi, ana n'kumakhala pamasaka. Lamulo linali losavuta: wofika msanga, benchi ndi lake. Ine ndinkakazinga vitumbuwa kunsi kwa windo la kalasi imeneyo, windo lopanda galasi, moti giredi folo ndinaiphunzira kachiwiri popanda yunifomu.

Tisa anabadwa ndi maso ofooka. Chinthu chikakhala patali amachiona ngati chili mu utsi wa mbaula. Kukiliniki anati afunika magalasi, ndipo magalasiwo tinali tikuwaganizirabe, monga timaganizira malata atsopano. Mwanayo anadzipezera yekha mankhwala. Ankadzuka kusanayere bwino, kusamba madzi ozizira, kunyamuka tiyi asanawire, kukasesa kalasi, n'kukhala kumapeto kwa benchi loyamba, mphuno itatsala pang'ono kugunda bodi. Osalankhula, osatembenuka. Temu iliyonse nambala thu.

Aphunzitsi awo, ba Madamu Sakala, anali mtsikana wabwino, wowonda, wa mawu osasa chifukwa chokuwa. Payipi anali atailetsa kale, ndipo ana ankadziwa kuti anailetsa. Kalasi inkamveka ngati siteshoni ya minibasi, ndipo kondakitala wamkulu anali Bupe. Sindikuyerekeza ayi. Ankatulutsadi mutu pawindo, pamwamba pa mbaula yanga, n'kumakuwa, "Tauni! Tauni! Umozi chabe tiyende!" anzake kumbuyo akulira ngati injini. Ba Madamu akati, "Bupe, nkala pansi," iye ankati, "Ba Madamu, imwe simunalipile." Komatu ndi Tisa anali pa ubwenzi wogawana chitumbuwa chimodzi pakati. Ndinkawaona ndekha akuyeza ndi chala kuti wina asapose mnzake.

Chisanu chikuyamba, ba Madamu anawatumiza ku wekishopu m'tauni masiku atatu. Anabwerako ndi sikipa yoyera, kapu, masaya onona pang'ono, ndi chipepala chachikulu chimene anachimata pakhoma ndi phala la ufa. Loweruka anatiitana makolo.

"Makolo, kumenya kunatha," anatero. "Manje tili na njila yanyowani. Mwana akachita chabwino, mumuyamikile pamene apo, osati mawa. Akachita vopusa vamene sivipweteka muntu, osamuyangana, osamukambisa. Azalema yeka."

Bambo wina wogulitsa malasha anakweza dzanja lakuda bii. "Ba Madamu, nanga akakwela pa mutenge wa sukulu?"

"Akaseluka, mumuyamikile kuti waseluka."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinaomba m'manja kuposa onse. Ndinkakumbuka Amalume, ndipo ndinati m'mtima, ana athu apulumuka.

Koma ku wekishopu anawapatsa nyenyezi zomata kapepala kamodzi ndi maswiti paketi imodzi, za kalasi yodzaza ngati minibasi ya madzulo. Pofika Lachinayi zinali zitatha. Ndiye analowererapo ba Hedi Mwanza, bambo amene amavala tayi ngakhale miyendo ili m'majombo. Anaima pakhomo la kalasi, manja kumbuyo, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chimene mwana wa m'komboni angachikhumbire.

"Nyenyezi tilibe," anatero, "koma mabenchi tili nayo."

Analemba mayina khumi ndi awiri a ana ovuta n'kuwamata pambali pa chipepala chija. Mabenchi atatu, anayi pa benchi, zinakwana bwinobwino ngati Mulungu ndiye anawerengera. Wovuta akafika pa buleki osavutitsa, mawa benchi ndi lake. Akavutitsa, pasaka.

Ndipo zinagwira ntchito, ana inu. Ndisaname. Ndinamva ndi makutu angawa ba Madamu akuti, "Bupe, naona wanyamula kwanja ukalibe kukamba. Wachita bwino." Bupe anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kuganiza kuti mwina muli Bupe wina. Chibadwire palibe anamutchula dzina popanda kukuwa. Pakutha milungu iwiri minibasi inasiya kuyenda. Bana Bupe ankayenda pa pompi chifuwa patsogolo: "Wanga ankala pa benchi. Ba mbeba bankala pansi, kufupi na maenje yao." Ine n'kumaseka nawo.

Chifukwa zinalidi choncho. Lolemba loyamba Tisa anafika m'mamawa monga mwa masiku onse, anasesa, anakhala pamalo pake. Ba Madamu anamugwira paphewa mwachikondi. "Tisa, iwe ulibe vuto. Yenda kumbuyo." Pamalo pake panakhala Bupe.

Madzulo ake anandiuza akutsuka mbale. "Amami, kumbuyo siniona pa bodi."

"Pilila, mwana wanga. Ba Madamu bali na maso, bazakuona."

Mwamva yankho limenelo? Si ine ndinayankha. Ndi Amalume.

Patapita milungu itatu ndinapita ndithu kukaonana nawo. Ndinavala chitenje cha ku Chigwirizano, vitumbuwa vinayi mu nyuzipepala, ndinapinda mawondo pakhomo ngati ndafika kwa apongozi.

"Ba Madamu, pepani kukuvutisani. Ni va Tisa, uja malo..."

"Aa, amake Tisa! Mwana wanu ni mungelo. Sembe bonse benze monga Tisa, sembe mau yanga yakali bwino. Uyu alibe vuto olo pang'ono. Iyi pulogilamu ni ya bana bovuta."

Ndinamva kukoma mpaka kumsana. Za maso sindinazitchule n'komwe, ndinaona ngati ndiwononga mawu abwinowo. Ndinati zikomo kawiri, n'kunyamula chiyamikirocho kupita nacho kunyumba ngati ndanyamula benchi.

"Bakamba chani?" anafunsa Tisa.

"Bakamba ati ndiwe mungelo."

"Manje mungelo azankala pati?"

Ndinamuuza kuti asakhale wamwano.

Chisanu chinatha ali pasaka. Ankakopera m'kope la mnzake wapambali, amene nayenso ankakopera kwa wina, moti mawu pofika kwa Tisa ankakhala atayenda ulendo wautali n'kutaya zilembo m'njira. Lipoti la temu imeneyo linati nambala sate eyiti. Atate anu analiyang'ana n'kufunsa ngati sanasinthanitse ndi la mwana wina. Ine ndinati tidikire, ndi temu imodzi chabe. Kunabwera kutentha, fumbi la kumbuyo kwa kalasi likumulowa m'maso omwewo, akubwera ofiira ngati wasuta. Ndinati tidikire mvula, fumbi lidzatha. Mvula inabwera, fumbi linathadi. Madzi analowa pakhomo n'kukhazikika kumbuyo konse. Ana ovuta miyendo m'mwamba pasimenti, angelo ali chinjonjo pamasaka onyowa, makope pamutu.

Pano ndinene za ine, kuti musadzati ambuya anu ankaloza ena okha. M'mawa wina ndikukonza beseni la vitumbuwa, iwe Dalitso, uli ndi zaka zitatu, unadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka m'matope ukulirira chitumbuwa. Ndinakupatsa, kuti ndione polongedza. Unaleka pomwepo ngati wina wazima wailesi. Tisa anali pakhomo, yunifomu yosita, majombo m'manja.

"Amami, nanga ine?"

"Iwe ndiwe mukulu. Sulila."

"Oho," anatero.

Oho ameneyo ndimamumva mpaka lero. Ku wekishopu ine sindinapiteko, sikipa sindinalandire, koma pulogilamu ya ba Hedi ndinkaiyendetsa bwinobwino m'nyumba mwanga.

Lolemba lotsatira ndili kunsi kwa windo ndinamva mluzu kumbuyo kwa kalasi. Ba Madamu anapitiriza kulemba pa bodi. Lachiwiri kunalira tambala, nthawi ya teni koloko, m'kati mwa phunziro la masamu. Ndinasuzumira. Ba Madamu khosi lili gwa, osatembenuka, akuchita ndendende zimene anaphunzira. Lachitatu wina anayamba nyimbo ya maliro akuimba ng'oma pachitini. Ba Madamu ananena mokoma kuti, "Bupe, wachita bwino kunkala zii pamene benangu bapanga chongo." Ine ndinapukusa mutu n'kuuza mayi wogulitsa masuku pambali panga kuti, "Bana benangu sibanaleledwe. Amake bali kuti?" Amake anali pomwepo, akutembenuza vitumbuwa.

Lachinayi sindinapite, ndinatenga iwe Taonga kupita nawe kusikelo. Pobwerako ndinatsikira ku pompi, ndipo ndi pamene bana Bupe anandipeza ndi funso lawo lija.

Ine nditamva mbewa ndinaganiza kuti ndi moni wa masiku onse. Mkono ndinauona, mano ndinawaona, koma mutu unakana kuti angakhale a Tisa. Ndiye pakamwa panayenda pokha.

"Kapena mwana wanu anunka nyama ya kolwe, wanga anamvela njala."

Azimayi a pamzere anaseka, wina mpaka kugwetsa ndowa. Bana Bupe sanaseke. Bupe anali akusisima, magazi atauma mpaka pachigongono.

"Amake Tisa," anatero motsitsa, "mwana wanga achoka magazi, imwe museka?"

Anatsitsa mkono wa mwanayo bwinobwino, n'kunena kuti, "Zikomo." Anapita osatunga. Lero ndikudziwa kuti mbewa zija anazitchula pondipatsa mpata. Ndikanangosiya chigubu, kugwira mkonowo n'kuti kalanga ine, tiyeni kukiliniki, madzulo ake tikanatukwanana monga kale. Chimbuya chimalola zonse, koma osati magazi a mwana akali pakhungu. Munthu wamkulu ndinayenera kudziwa.

Kunyumba ndinapeza Tisa atakhala pakhonde, manja pamiyendo, akundidikira. Ndinasolola mthiko.

"Ni zoona?"

"Ni zoona."

"Chifukwa chani?"

"Nenze kufuna banilembe pa pepala." Ankayankhula mofatsa ngati akuyankha masamu. "Ninaliza muluzu, sibananiyangane. Ninalila monga tambala, sibananiyangane. Ninaimba. Ba Madamu banakamba ati vamene sivipweteka muntu beve sibaviona. So ninafuna chamene chipweteka."

"Nanga Bupe? Munzako?"

"Benangu sembe bananipaya," anatero, kunena kuti ena akanamupha. "Bupe ninayamba namuuza ati sole."

Ndinayang'ana mthiko uja, ndinayang'ana mwana, ndipo sindinadziwe kuti woyenera kumenyedwa ndani. Ndinaubweza mu mphika.

Lachisanu dzina la Tisa linalembedwa, la khumi ndi chitatu. Kukhala chete mpaka pa buleki kwa iye sinali ntchito, moti Lolemba anali pa benchi loyamba, kumapeto, mphuno pa bodi. Amene anatsika anali Bupe, chifukwa Lachisanu lomwelo anabwezera Tisa khofi. Ndipo angelo ena onse a pamasaka anali ndi maso. Miyezi isanu ndi umodzi ankaganiza kuti benchi limabwera ndi mwayi, tsopano anaona njira yake. Lachiwiri mwana wa abusa, amene sankatha ngakhale kupha udzudzu, anaponya dasitala ya ba Madamu m'madzi. Kamtsikana kena kachibwibwi kanatukwana mawu oti ine pawindo ndinatseka makutu, ndipo kanawatulutsa osadodoma ngakhale pamodzi. Lachitatu ofatsa anaukira ovuta. Ndinangomva phokoso ngati agwira wakuba pamsika, kenako thyoo! Benchi lapakati miyendo iwiri kulibe.

Ba Hedi anandiitanitsa ku ofesi. Sanandiuze kuti ndikhale. Anakonza tayi.

"Amai, mwana wanu waononga kalasi yonse. Sitiziba mwamene mumulelela kunyumba. Tifuna akapumule milungu ibili."

Mayeso a kumapeto kwa chaka anali atatsala milungu itatu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zikomo, monga anandiphunzitsira a Njovu. Kunatuluka zina, ndi mawu oti sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Ba Hedi, imwe na tayi yanu! Mwana wanga anasesa kalasi yanu zaka zinai, munamupasa saka. Waluma muntu siku imozi, mwamupasa benchi. Manje wamupunzisa kuluma ni ndani, ine olo imwe? Saona! Mwana saona pa bodi! Kuchokela mu mpepo ankala mu fumbi, manje mu manzi monga chule, chifukwa ni mungelo! Mufuna tonse tiyambe kuluma kuti mutione? Bwelesani kwanja!"

Azimayi ogulitsa pageti anali atadzaza pawindo. Ba Hedi anabisa manja kuseli kwa tebulo. Kenako anaimirira, anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta mpando wawo womwe, wa khushoni, n'kuukankhira kwa ine.

"Nkalani pansi, amai. Tikambisane."

Miyezi isanu ndi umodzi ndikupinda mawondo, palibe anandipatsa ngakhale njerwa. Ndakuwa kanthawi kosakwana kupsa chitumbuwa, mpando wa khushoni. Ndinakhala, ndipo nditakhala ndinazindikira kuti nanenso andilemba pa pepala la ovuta. Mpandowo unali wofewa, ana inu. Ndinamumvetsa Tisa.

Ba Madamu anaitanidwa, anafika maso atatupa. "Amake Tisa, va maso simunaniuze." Zinali zoona, ndipo ndinavomera. Kenako anaulula zawo. Ku wekishopu, tsiku lachitatu masana, pamene ankamaliza phunziro, iwo anali pamzere wa masikipa, poopa kuti atsala ndi yaikulu. Anati zotsalazo adzawerenga pachipepala. Tinapita tonse m'kalasi, ba Hedi n'kuchimatula pakhoma pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake kunali kolembedwanso. Theka la zilembo linatsalira pakhoma pamodzi ndi phala louma, koma zotsalazo ba Madamu anaziwerenga mokweza. Zinkati yambani kuyamikira ana amene akuchita bwino kale, kuti ovuta aonere kwa iwo. Zinkatinso mphoto isakhale chinthu chimene mwana amafunika kuti aphunzire. Miyezi yonseyo theka la nzeru linali litayang'ana khoma, mphemvu zokha zikuwerenga.

Ba Madamu sindiwasungira chifukwa. Anakonza. Osaona bwino ndi osamva bwino anawaika kutsogolo osafunsa ngati amaluma. Mabenchi awiri otsalawo ena onse anayamba kukhalapo mosinthana. Nyenyezi anayamba kudula okha m'mapepala a maswiti, ndipo ankayamba ndi ofatsa: "Naona Tisa wasegula buku. Naona uyu wathandiza munzake." Ovuta ankatsatira okha, ndipo payipi sinabwerere. Nyenyezi zanu za dzulozo zinachokera kumeneko. Ndi zabwino, valani. Koma ndikafunsa kuti sanalandire ndani, ndikufunsa za mwana amene wakhala zii kumbuyo, amene aphunzitsi akumutcha mngelo. Mudzandiuze dzina lake. Ndipo iwe Dalitso waona kuti masiku ano ukagubuduka chitumbuwa chimapita kwa amene waimirira. Si nkhanza ayi, ndi kumbuyo kwa chipepala.

Koma kukonza kunachedwa. Milungu itatu sikanabweza matemu awiri. Tisa analephera, anabwereza giredi folo, anzake akupita patsogolo. Magalasi tinagula chaka chotsatira, malata akudikirabe. Lero ndi wanzeru monga kale, koma wofatsa uja sanabwerere. Akafuna chinthu amayamba ndi kukuwa, kupempha kumabwera pambuyo. Ndikamuuza kuti dikira amandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ine ndimayang'ana kumbali.

Kwa bana Bupe ndinapita, beseni lonse la vitumbuwa pamutu, ndinagwada pakhomo pawo anthu akuona. Anandilandira bwino kwambiri. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi m'kapu ya alendo. "Palibe kantu, amake Tisa. Ni bana." Ndinadikira kuti atchule mbewa. Sanatchule. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse amati, "Mwauka bwanji, amake Tisa?" Ine ndimati, "Bwino, kaya imwe?" Iwo amati, "Bwino, zikomo." Inu mumati ndi mayi aulemu. Chaka chino ndi chachinayi akundipatsa ulemu umenewo.

Ndiye mukamawerenga nyenyezi zanu, werenganinso izi. Benchi limodzi mwa atatu. Khungu la pamkono wa Bupe, chipsera chilipo. Chaka chimodzi cha Tisa. Mnzanga mmodzi, amene anandikankha pa wilibala. Ndi mwana mmodzi amene ndikamuuza kuti pirira, adzakuona, ankandikhulupirira.